Anandifunsira Nditawonda

Ndisanapite kumpeni ndinali mkazi wathupi kwabasi. Pa Kachulu panalibe kondakitala amene sankandidziwa. Ndikatulukira ndi madengu anga a matemba ankayamba kukuwa kuti mipando iwiri yafika, ena n'kumati galimoto ipendekeka. Ine ndinkawabwezera mawu mpaka iwo eni n'kukhala chete. Mawondo ankawawa, mpweya unkandithera ndikangokwera kamtunda ka kutchalitchi, koma anthu ankandipatsa ulemu, pakuti kwathu kuno thupi ndi umboni woti munthu akudya bwino ndipo alibe nthenda. Mwamuna wanga anali atapita kumaesiteti a fodya zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo osabweranso. Ndinkadzisamala ndekha ndi geni ya nsomba ndi kamunda ka mpunga kamene mayi anandisiyira.

M'kati mwa thupi lonselo munali chilonda. Kwa zaka zambiri ndinkamva kutentha m'mimba n'kumakuzimitsa ndi chakudya ndi soda. M'mawa wina, chaka cha mavoti a zipani zambiri chija, ndinasanza magazi ndili pakati poyanika matemba. Achimwene anga, amene ndi aakulu m'banja mwathu, ananditengera ku Zomba, a ku Zomba n'kutitumiza ku Blantyre. Asanandigoneke patebulo anandiyeza magazi, ndipo nesi anandiuza monong'ona kuti kachilombo kaja ndilibe. Sindinalabadireko n'komwe. Ndikanakatenga kuti, munthu amene ndinali ndisanagone ndi mwamuna zaka zonsezo? Kenako anandidula mbali yaikulu ya chifu.

Potuluka dokotala anandikhazika pansi. "Mayi, thumba lanu la chakudya latsala laling'ono ngati kapu ya tiyi," anatero. "Muwonda kwambiri, koma kwa inu kuwondako ndi mankhwala." Anandipatsa malamulo. Ndizidya pang'onopang'ono kasanu ndi kamodzi patsiku. Ndizitafuna mpaka nsagwada zitope. Ndisamamwe madzi pakudya, ndizidikira papite nthawi. Shuga ndimusiyiretu, ndipo ndikadya ndizigonako chagada pang'ono. Ndinamuyang'ana ndi diso lokayika, chifukwa sindinamvepo za munthu wochira ndi njala.

Sananame dokotalayo. Pomwe mvula inkayamba zovala zonse zinali zikundikwana kawiri. Mikanda ya m'chiuno inandipulumuka yokha tsiku lina ndikusamba, n'kugwera kumapazi, ndipo ndinaitunganso pa ulusi waufupi ndikuseka ndekha. Mawondo anasiya kuwawa. Ndinkatha kuyenda kuchokera kunyumba mpaka kugombe osapumira panjira. M'thupi ndinkamva bwino kuposa zaka khumi zam'mbuyo, koma anthu ankaona zina.

Zinali zaka zimene maliro sankatha m'midzi. Munthu ankayamba kuwonda, kutsegula m'mimba, kutuluka thukuta, kenako n'kumva kuti wapita. Dzina la matendawo sitinkalitchula, tinkangoti matenda a masiku ano. Ndiye ine ndinalakwitsa kamodzi kokha. Pamsonkhano wa amayi a mpingo anandipatsa tiyi wa shuga wambiri, ndipo ndinachita manyazi kukana. Pasanapite nthawi thukuta linali kamukamu, mutu ukuzungulira, ndipo ndinathamangira kuchimbudzi katatu amayi onse akuona. Mlandu wanga unagamulidwa tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo kumaliro ndi kumaukwati ndinkapatsidwa kapu yangayanga. Pamjigo amayi ankati ndikafika nkhani n'kuduka. Amene kale ankandinyoza kunenepa anayamba kundipatsa moni wachisoni, uja wopendeketsa mutu, wakuti, "Nanga m'thupimu lero?" Moni umenewo unkandipsetsa mtima kuposa chipongwe cha makondakitala.

"Chemwali, ingowaonetsani buku lakuchipatala lija," achimwene ankatero. "Zonse zinalembedwamo."

"Pamene ndinali wonenepa ndani anandipempha buku?" ndinkawayankha. "Asiyeni adikire maliro anga, atopa okha."

Kunali kudzikuza, ndikuvomera. Koma ndinkaona kuti kuyenda ndi buku khomo ndi khomo n'kupepesa mlandu umene sindinapalamule. M'malo mwake ndinasintha kachitidwe ka geni. Kale ndinkagulitsa nsomba pagombe pompo kwa oodetsa chifukwa ulendo unkandivuta. Tsopano ndinkanyamuka ndekha mpaka kumsika wa ku Songani, kumene kunalibe amene ankadziwa thupi langa lakale. Kumeneko ndinali chabe mayi wowonda wa matemba oyanika bwino, opanda mchenga. Ndinkayenda ndi kachitini ka chakudya: nthochi yophika, kamlamba kowamba, mpunga wokwana pachikhatho. Nthawi ikakwana ndinkadya, kaya pali wogula kaya palibe. Geni inayenda kuposa kale, mpaka ndinafolera nyumba ndi malata. Pamudzi anati ndikukonza pogonera maliro.

Bambo wa kuchilumba cha Chisi ndinamudziwa chaka chotsatira, mpunga uli pafupi kucha. Anali mmisiri wokhoma maboti a matabwa, ndipo ankawoloka kudzagwira ntchito pagombe pafupi ndi pamene ndinkayanika nsomba. Anali munthu wa thupi lake, mikono yodzaza, kamimba kotuluka, khungu losalala. Masana ena ndili pachisakasa changa ndikudya, anabwera n'kupempha madzi. Ndinatunga ndi kapu yanga yomwe ija dala, kuti ndione. Mayi wina woyanika pafupi anakhosomola mwadala.

"Abambo, madzi ena ali kuno," anatero mayiyo.

Bamboyo sanacheuke. Anamwa onse n'kupempha ena. Ine m'malo mokondwa ndinayamba kumukayikira pomwepo. Munthu wa nzeru zake, woti ali ndi makutu, akufunanji pa ine?

Sabata yotsatira anabwera ndi kampando kakang'ono kopala bwino. Anati waona kuti ndikakhala pansi ndimangosunthasuntha. Zinali zoona, pakuti matako anali atatha ndipo nthaka inkandilasa mafupa. Ndinalandira ndi manja awiri. Atangochoka ndinakatembenuza kampandoko n'kumafufuza ndi mpeni m'malumikiziro onse, kuona ngati sanabisemo mankhwala. Ndinapeza misomali basi.

Sanachedwe kunena mawu ake. Tsiku lina atatha ntchito anakhala pamphepete pa boti, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ine ndakukondani. Ndikufuna tikhale pamodzi."

"Mwandiona bwinobwino?"

"Ndakuonani."

"Zimene anthu akunena simukuzimva?"

"Makutu ndili nawo."

"Nde?"

"Nde palibe kanthu."

Ndinamuuza kuti ndikaganize. Ndipo ndinaganizadi, mwina mopitirira muyeso. Choyamba ndinati akufuna munda wa mpunga ndi malata, akuyesa ndimwalira msanga. Tsiku lotsatira ndinamuuza mosapita m'mbali kuti mundawo ndi wambumba, ine ndikafa upita kwa ana a mng'ono wanga, ndipo mkamwini amachoka ndi mphasa yake yokha. Anaseka n'kunena kuti mwambo amaudziwa, ndipo iye ali ndi sowo ndi hamala zomwe zimamudyetsa. Kenako ndinati mwina ali ndi mkazi kutsidyako, akufuna kongopumirako akabwera kuntchito. Ganizo lachitatu ndi limene linandisowetsa mtendere. Pagombe pankamveka mphekesera za anthu okhwimira maboti ndi makoka, amene amafuna munthu wapafupi kuti akhale chizimba. Ndani angafunse mafunso mkazi wodwaladwala atamwalira? Ndinayamba kukwirira tsitsi langa ndikapesa, ndipo zikhadabo ndinkaziwenga kunyumba n'kuzitaya m'chimbudzi. Tsiku lina anadzipereka kundinyamulira chitenje chimene ndinafunda, ndipo ndinachilanda m'manja mwake mwamphamvu mpaka anadabwa.

Chimene chinkandikayikitsa koposa n'chakuti sankafunsa. Aliyense ankafuna kudziwa za thupi langa, wina molunjika, wina mozungulira. Iye ayi. Ankandiona ndikudya katatu iye asanadye kachiwiri, ndikukankhira kutali thobwa, ndikugona chagada pachisakasa dzuwa lili pamutu, koma osanena kanthu. Ankangosuntha n'kukhala mbali imene kukuchokera dzuwa kuti anditchinge. Ine ndinkadikira kuti afunse, ndimuuze za mpeni wa ku Blantyre n'kumuchititsa manyazi. Popeza sanafunse, nanenso ndinauma khosi osanena.

Ndinakwera boti kupita ku Chisi monamizira kukagula nsomba za makumba. Kumeneko kunali mayi wina amene tinkaodetsana nsomba, wodziwa nkhani za nyumba iliyonse pachilumbapo. Anandiuza kuti bamboyo mkazi alibe. Mkazi wake anamwalira zaka ziwiri zapitazo atadwala chifuwa nthawi yaitali, ndipo khanda lawo linamutsatira pasanathe miyezi. Mowa samwa, kutchalitchi sajomba, za mankhwala sanamvekepo nazo. Ali mnyamata anagwirako ntchito m'tauni, kumene akuti ankayendayenda monga amachitira anyamata, koma anasiya kalekale. Nditamva za mkazi ndi khanda, ganizo lina linandifikira. Tsiku lotsatira ndinamuona pagombe akunyamula thabwa lonse yekha, thukuta likunyezimira pamikono ija, ndipo ndinalithamangitsa ganizolo. Munthu wodwala saoneka choncho, ndinadziuza.

Nditasowa chomunenera, ndinapezeka kuti ndamukonda. Ndinamukonda kwambiri, mkazi wa zaka makumi anayi, mpaka ndinkachita manyazi ndi mtima wanga. Ndikamva hamala yake m'mawa ndinkayamba kukonza duku. Lamulungu masana ankabwera kunyumba, tinkakhala pakhonde achimwene ali chapatali. Ankadya m'mbale imodzi ndi ine, ndipo anaphunzira kudya mochedwa kuti ndisatsale ndekha. Sanayesepo kulowa m'nyumba. Ankati zonse zidikire ankhoswe. Nthawi zina ankalankhula mawu odabwitsa, monga akuti, "Masiku amene Mulungu atipatse tidzasamalana. Wina akagona, wina adzatunga madzi." Ndinkati ndi kalankhulidwe ka anthu okonda kupemphera. Komabe kukayika sikunathe. Ndinkamuyang'ana akuseka n'kumadzifunsa kuti chimene akubisa n'chiyani, pakuti ndinkamva m'mafupa kuti chilipo.

Chaka chimenecho mvula inali itavuta ndipo nyanja inkathawa. Gombe linkasunthira kutali sabata iliyonse, maboti ankakwawa m'matope, nsomba zinayamba kusowa. Tinagwirizana kuti ankhoswe akumane Lamulungu lina m'mwezi wa Okutobala, kwa achimwene.

Kutatsala sabata imodzi kunabwera mlendo. Anali mlongo wake wa bamboyo, wamkulu kwa iye, mayi wamfupi wa maso akuthwa. Anabwera ndi kalongonda wophikaphika m'kambale, nati wabwera kudzacheza ndi mlamu wake. Kuchezako kunali kwa maso. Anayang'ana milomo yanga, tsitsi langa, mmene ndinkatafunira. Ndinamupatsa madzi, iye anati alibe ludzu, pamene anali atayenda padzuwa loswa mtengo. Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, ananena chimene anabwerera.

"Alamu, kwatenthatu. Tiyeni tikasambe limodzi, mundikhuleko kumsanaku."

Mkazi aliyense wa kwathu amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Akuchimuna akafuna kudziwa mkazi amene m'bale wawo akutenga, amatuma mlongo kuti akasambe naye. Kale ankayang'ana ngati ali ndi mikanda, ngati ndi waukhondo, ngati alibe pathupi pa munthu wina. Zaka zimenezo ankafufuza zipsera za mashingozi, totupa m'khwapa ndi zilonda. Mtima wanga unawira. Ndinati kodi ndi zimenezi? Iye wondimwera kapu, wosafunsa kanthu, wandituma kazitape? Ndinafuna kumuthamangitsa mayiyo ndi kalongonda wake yemwe. Koma mkwiyo womwewo unanditengera kubafa. Ndinaika ndowa pansi, n'kuvula zonse, n'kuima chilili.

"Yang'anani," ndinatero. "Musasiye pena. Mukamuuze amene wakutumaniyo."

Anayang'anadi, wopanda manyazi. Anandizungulira, anakweza mikono yanga, anapapasa m'khosi. Kenako maso ake anaima pachipsera, chochokera pansi pa chifuwa mpaka pamchombo, chokhala ndi timadontho ta ulusi uku ndi uku.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinamuuza zonse, za magazi amene ndinasanza, za chifu, za malamulo a dokotala. Tili chinyowere ndinamukokera m'nyumba n'kutulutsa buku lija m'sutikesi, koyamba chibwerere ku Blantyre. Ndinaitana achimwene kuti amuwerengere pamene panalembedwa za kuyeza magazi. Mayiyo anamvetsera pakamwa pali yasa. Kenako analuluta mpaka nkhuku zinabalalika, anandikumbatira, n'kupempha madzi akumwa.

"Mundikhululukire, alamu," anatero. "Ine ndimati mukufuna kundiphera mchimwene wanga. Ndi mmodzi yekhayo amene ndatsala naye. Iyetu sanandituma ayi. Anandiletsa, anati ndikangoyerekeza kubwera kuno tidana. Ndabwera mozemba. Koma mawa ndikamuuza, akavina!"

Usiku umenewo ndinagona mopepuka. Ndinati tsopano zonse zili poyera, ndipo munthu uja amandikonda basi, palibe china.

Lamulungu lija achimwene anavala jekete. Tinapha tambala, ndinaphika mpunga wonunkhira umene ndinkasungira alendo. Tinadikira kuyambira potuluka m'tchalitchi mpaka mthunzi wa mango unafika pakhonde. Sikunabwere munthu, ngakhale uthenga. Achimwene anavula jekete. Anansi, amene ankasuzumira tsiku lonse, anapeza chokamba. M'mawa pamjigo ndinamva ndi makutu anga mayi wina akuti, "Mlongo wake anakamuona kubafa. Bambo uja wadzipulumutsa."

Ndinadikira sabata ziwiri, ndipo kukayika konse kunabwerera ndi ana ake. Ndinati ndiye kuti zinali zoona, amafuna mkazi woti afe msanga, ndipo atamva kuti sindifa waona kuti palibe phindu. Pofika nthawi imeneyo nyanja inali itaphweratu mbali ya kwathu, ndipo anthu ankapita ku Chisi wapansi kapena panjinga. M'mawa wina ndinamanga kachitini kanga ndi botolo la madzi pansalu n'kuyamba ulendo. Ndinayenda pamene moyo wanga wonse ndinkadutsa paboti. Dothi linali long'ambikang'ambika, lodzaza zigoba za nkhono, maboti atagona cham'mbali apa ndi apo. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikamulase nawo. Thupi langa lakale silikanafika ngakhale theka la ulendowo.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba yake akupala thabwa la chitseko, pakuti ntchito ya maboti inali itatha. Atandiona anaika pulena pansi. Sanadabwe. Analowa m'nyumba n'kutulutsa mpando, koma ine ndinakana kukhala.

"Nenani," ndinatero. "Ndi munda? Ndi malata? Kapena mumafuna mtembo wanga wokhwimira? Mwandichititsa manyazi pamaso pa achimwene ndi mudzi wonse. Tambala anafa chabe. Nenani, ndimve ndi makutu angawa."

"Khalani pansi, mayi."

"Sindikhala."

Anayang'ana uku ndi uku ngati pali munthu pafupi. Kenako anakhala iye pathabwa lija, manja ali pakati pa mawondo.

"Mkazi wanga ali m'chipatala anafuna magazi," anatero. "Ndinapereka anga. Tsiku lotsatira anandiitanira m'kachipinda n'kundiuza kuti magazi angawo sangamuike munthu. Kachilombo ndili nako, mayi. Ndine ndinakabweretsa m'nyumba muno. Palibe amene akudziwa, ngakhale achemwali anga aja."

Apo ndinakhala pansi ndekha. Ndinayang'ana mikono ija, kamimba kaja, masaya odzaza. Panalibe chimene chinasintha.

"Nditakuonani pagombe paja, anthu akukusalani, ndinati uyu ndi mnzanga," anapitiriza. "Ndinatopa kukhala ndekha. Mkazi wabwinobwino sindikanamuyandikira. Ndinati ife awiri palibe amene apweteke mnzake, tidzangodikira limodzi. Kenako ndinakukondani zenizeni, ndi pakamwa panu pakuthwa pomwepo. Achemwali atabwera akululuta, ine ndinadziwa kuti sindingakukwatireninso."

"Bwanji simunandifunse?"

"Inu mukanandifunsa, ndikanayankha chiyani? Zinthu izi timafunsana ngati? Ndimati tonse tikudziwa, tikungolemekezana."

"Nde mlongo wanu akanapanda kubwera?"

"Ndikanakukwatirani Lamulungu lomwe lija."

"Mukanandipha."

"Eya."

Ananena mawu amenewo akuyang'ana pansi, ndipo misozi inagwera pafumbi la matabwa. Ine ndinkafuna kumumenya ndi pulena yake yomweyo, chifukwa kusafunsa kwake, kumene ndinafika pokuyesa ulemu, kukanandiika m'manda. Koma kusanena kwanga nako kukanandiika m'manda momwemo. Miyezi yonse ija ndinafufuza kampando, ndinakwirira tsitsi, ndinawoloka nyanja kukafunsa za akazi ena, ndipo chinthu chenichenicho anandiuza mayi wa makumba uja, ine n'kuchikana chifukwa munthuyo anali wonenepa.

Ndinanena mawu amene sindinkadziwa kuti ali mwa ine. Ndinati kuchipatala amagawa makondomu, ndipo tikhoza kukhalabe. Ndinati ngati akuopa, tizingokhala ngati munthu ndi mlongo wake, ine ndizimuphikira. Ndinachonderera, ine amene ndinabwera kudzatukwana.

Anapukusa mutu. "Ndinaika kale awiri m'manda. Chaka ndi chaka m'nyumba imodzi, sindingadzikhulupirire. Inu Mulungu wakupatsani moyo wachiwiri, pitani nawo." Kenako anadzutsa mutu. "Chimodzi chokha ndikupempheni. Musauze munthu. Akadziwa, palibe adzandipatse ntchito, ndipo achemwali anga adzafa ndi mtima ine ndisanafe."

Ndinamvetsa bwino chimene ankandipempha. Mawu amodzi okha akanatsuka dzina langa pa Kachulu ponse, ndipo iye ankati ndiwameze. Ndinadya chakudya changa pakhonde pake chifukwa nthawi inali itakwana. Kenako ndinabwerera padzuwa lomwe lija. Achimwene anandichingamira kumapeto kwa mudzi n'kufunsa kuti wati chiyani. Ndinati wasintha maganizo basi. Anamutukwana, ine osawonjezerapo.

Madzi anabwerera m'nyanja, maboti anayambanso kuyenda, koma iye sanadzagwirenso ntchito kugombe kwathu. Ndinkangomva kwa anthu. Chaka chachiwiri anati wayamba kukhosomola. Chachitatu anati wawonda moti sungamuzindikire. Kawiri ndinamutumizira mpunga ndi mlamba kudzera kwa mayi wa makumba uja, osatchula kumene zachokera. Nditamva kuti wamwalira ndinakwera boti loyamba.

Pamaliropo ndinakhala kumbuyo, pakati pa amayi a ku Chisi ndi ena a kwathu. Sananong'one n'komwe mokwanira. "Ndi uyo anamupatsa," anatero wina. "Taonani, iye akadali moyo. Ena amangonyamula, n'kumapha anzawo." Amene anali pafupi nane anasuntha. Ndinayang'ana kutsogolo mpaka nyimbo inatha.

Tikuchokera kumanda mlongo wake anandigwira dzanja n'kundipatutsa panjira. Anali atakalamba kwambiri pa zaka zitatu zokha, pakuti ndi amene anamudwazika mpaka mapeto.

"Anandiuza kutatsala masiku awiri kuti amwalire," anatero. "Inu mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku lija ndinabwera wapansi."

"Nde mwakhala mukutukwanidwa zaka zonsezi, muli chete." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ine ndinabwera kwanu kuja kudzapulumutsa iye. Kani ndimapulumutsa inu."

Ankadikira kuti ndinene kanthu, ndipo ndinkadziwa kuti mawu oyenera ndi zikomo. Anali ndi ufulu wowamva, pakuti popanda iye bwenzi tsiku limenelo akukumba manda awiri. Ndinatsegula pakamwa koma sanatuluke. Ndinkangoganiza kuti zaka zitatu zimenezo ndikanakhala ndili m'nyumba mwake, ndipo pomwalira akanakhala atatsamira pa ine. Ndinamufinya dzanja mayiyo, n'kutsetsereka kukakwera boti.